Matepi akale a vidiyo: musawataye, komanso musathamangire kuwaika mu deki

Achemwali, mwafunsa za matepi a VHS amene mwawapeza m'sutikesi ya malemu bambo anu ku Chamama, a chinkhoswe, ukwati ndi kwaya, ngati n'zotheka kuti zimene zilimozo zilowe mu foni. N'zotheka ndithu. Koma chonde, musayambe ndi kubwereka deki n'kuponyamo tepi ya ukwatiyo. Matepi ambiri amafera pamenepo.

Yambani mwaisuzumira pa kawindo kake. Mukaona timadontho toyera kapena zangati ufa pamwamba pa mkombero wa tepi, chimenecho ndi chuku, chobwera ndi chinyezi cha nyengo yamvula. Yoteroyo ipatuleni. Ikalowa mu deki imatseka mahedi, tizipangizo towerenga chithunzi pa tepi, n'kupatsiranso chukucho matepi ena onse otsatira. Iumitseni masiku angapo m'chipinda chopita mphepo, osati padzuwa, chifukwa kutentha kumapinda pulasitiki. Kenako ipite kwa okonza ma TV ndi mawailesi odziwa kumasula masikuluwu a pansi ndi kupukuta tepiyo pang'onopang'ono ndi kansalu kosasiya ubweya. Pa tepi iliyonse thyolani kachibano kakang'ono ka kumsana kwake, kuti wina akadina Record mwangozi isafufutike.

Deki ndiye nkhani yaikulu. Kampani yomaliza kupanga madeki a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016, ndiye onse amene alipo ndi okalamba. Funsani kumatchalitchi, kwa amene ankajambula maukwati kale, ndi kwa okonza zamagetsi pa Kasungu boma. Mukaipeza, iyeseni ndi tepi yopanda ntchito kaye, muiseweretse mphindi 20, muibweze, muitulutse. Ikatuluka itakwinyika m'mphepete kapena italendewera, ndiye kuti malamba a labala ndi kagudumu kopanikiza tepi zatha, ndipo idzatafunanso ya ukwati ija. Chithunzi chikamangochita mchenga pomwe mawu akumveka, mahedi ada. Zimitsani dekiyo n'kuizula kumagetsi, tsegulani chivundikiro chake, nyowetsani kapepala koyera ndi isopropyl alcohol, kakhudzitseni pang'ono pa dilamu yonyezimira pamene pamakhala mahediwo n'kumaizungulitsa ndi chala. Osapukuta chokwera ndi chotsika, ndiponso osagwiritsa thonje: mahediwo ndi tinthu tating'ono tosachedwa kuthyoka. Sipiliti wapepo uja ayi, amasiya utoto.

Zotsala ndi laputopu, kachipangizo ka USB kotchedwa video capture, kamene ambiri amangoti EasyCap, ndi nthambo ya mitu itatu. Wachikasu ndi wa chithunzi, woyera ndi wofiira ndi ya mawu. Zichoke pamene palembedwa OUT kuseri kwa deki, osati IN, n'kulowa m'kachipangizoko, iko kalowe mu laputopu. Deki ikakhala ya bowo limodzi la mawu, lowetsani woyera basi. Pulogalamu ya OBS Studio ndi yaulere: onjezani Video Capture Device, sankhani kachipangizoko, ikani PAL, kukula 720x576, mafelemu 25 pa sekondi. PAL ndi NTSC ndi mitundu iwiri ya kajambulidwe ka chithunzi cha TV, ndipo matepi a kuno ndi a ku South Africa ndi a PAL. Mukasiya pa NTSC chithunzi chimatuluka chopanda mtundu kapena chimangogudubuzika. Yochokera kwa achibale a ku America ndiyo imakhala NTSC, ndipo imafuna deki yodziwa zonse ziwiri.

Musanajambule, ithamangitseni tepiyo mpaka kumapeto n'kuibwezanso, kuti imasuke pomwe inamatana. Mizere ikamadutsa pansi pa chithunzi, sinthani tracking pa rimoti mpaka ichepe. Jambulani mphindi imodzi yoyesera, muionere, mumve ngati mawu alowa, chifukwa palibe chowawa ngati kudikira maola atatu n'kupeza kwaya ikungoyasamula pakamwa.

Njira yachidule palibe: kujambula kumatenga nthawi yonse imene tepi imasewera. Tepi yolembedwa E-180 ndi maola 3, E-240 ndi maola 4, ndipo ngati inajambulidwa pa LP (Long Play, liwiro lochepa) nthawiyo imawirikiza kawiri. Ganiziraninso za magetsi: akazima, laputopu imapitiriza ndi batire koma deki imaima tepi ili yokoledwa m'kati. Musaikoke, dikirani abwere. Ngati pali sola ndi invetala, lumikizani dekiyo kumeneko. Pa chifukwa chomwecho jambulani mu mtundu wa fayilo wa MKV, chifukwa ya MP4 ikadukira panjira nthawi zambiri fayilo yonse siitseguka. Mukamaliza, Remux Recordings mu OBS momwemo imasandutsa MKV kukhala MP4 m'kanthawi kochepa.

Mukaika bitrate (mlingo wa deta pa sekondi) pa 5,000 kbps mu OBS, ola limodzi limadya pafupifupi 2.3 GB. Fulashi ikakana fayilo chonsecho malo alipo, ndiye kuti ili pa FAT32, imene siilandira fayilo yoposa 4 GB; chotsanimo zanu n'kuifomata ku exFAT. Fulashi imodzi siyodalirika, imasowa, imafa mosachenjeza. Sungani pa laputopu, pa hard drive, ndipo kope lina likhale kwa m'bale wa nyumba ina. Potumiza pa WhatsApp dulani zidutswa n'kutumiza ngati Document, apo ayi amafinya chithunzi n'kuchiwononga.

Kujambula sikirini ya TV ndi foni tikuona kuti ndi njira yongogwiritsa zikavutitsitsa: chithunzi chimaphethira, mawu amalowa ndi nkhuku za panja. Mukasankha kupereka ntchitoyi kwa a situdiyo, apatseni tepi imodzi kaye, ndipo muwauze kuti mukufuna fayilo ya MP4, osati DVD yokha.

Timatepi ting'onoting'ono ta kamera tikapezekamo, werengani chimene palembedwa. VHS-C imalowa m'chikaseti chachikulu cha adaputala n'kusewera mu deki yomweyo, pomwe Hi8 ndi MiniDV zimafuna kamera ya mtundu wake.

Matepiwo asungeni ngakhale mutamaliza, mwina mudzapeza deki yabwino kuposa iyi. Abwezeni koyambirira, aimikeni chilili m'makatoni ake, pamalo ouma, kutali ndi denga la malata komanso masipika, poti maginito a m'masipika amafufuta. Ndipo pamene mayi kapena azakhali akadalipo, onerani nawo limodzi, akutchulireni anthu, malo ndi chaka, mulembe pa dzina la fayilo.