Bela, bele, bel: kaunjika wa ku Poland anatsala pang'ono kundibweza kumudzi

Achimwene, mwafunsa kuti kaunjika wa ku Poland timaitanitsa bwanji. Za madola ndi za maajenti mukamva kwa ena. Ine ndikuuzani za kamawu kamene kanandigonetsa pa boda masabata atatu.

Ife timati belo limodzi, mabelo awiri, mabelo 100, nkhani yatha. Ku Poland ayi. Limodzi ndi "bela". Awiri, atatu, anayi ndi "bele". Kuyambira asanu ndi "bel". Musafulumire kunena kuti mwamva: 22 ndi bele, koma 12 ndi bel, 21 ndi belnso. Ku Russia pa 21 amatchula ngati chinthu chimodzi, pomwe ku Slovenia zinthu ziwiri zili ndi katchulidwe kakekake.

Kontena yanga yoyamba inachokera ku doko la Gdańsk ku Poland kudzera ku Beira. Kompyuta ya wogulitsa inalemba Chipolishi chake molondola: majekete 24 bele, mabulangete 12 bel, makatani 1 bela. Pulogalamu ya ajenti wanga, yodziwa chimodzi ndi zambiri basi, inatenga mawu atatuwo ngati mitundu ina itatu ya katundu. Mapepala osagwirizana.

Ndiye pa boda panali bwana wina woona za katundu, cholembera chili mkamwa. "Bel ameneyu ndi katundu wanji? Bwanji simunamutchule?" Ndinatsegula chitseko, ndinawerenga mabelo iye akuona, koma akuti pepala ndi pepala. Ankadziwa bwinobwino munthu uja, ankangodikira ya fanta. Sindinapereke, ndipo mpaka lero ndimayenda nazo monyada. Koma ndalama yosungira katundu inkakwera tsiku ndi tsiku, wa lole akundiimbira usiku, wakatapila akufika kunyumba kukapereka moni kwa mayi a ana. Kuzizira kunadutsa ndili pompo. Majekete ndinagulitsa mu September dzuwa likuswa mtengo, pa mtengo wa chisoni.

Mphwanga wa zamakompyuta ndiye anadzandimasulira: pulogalamu yabwino imayang'ana nambala yomaliza, kenako ziwiri zomaliza, chifukwa 12, 13 ndi 14 zimakana lamulo la 2, 3 ndi 4.

Pano invoisi ya Chipolishi sindilandira. Wogulitsa alembe Chingerezi, apo ayi aike "szt." (chidule cha Chipolishi chowerengera zinthu chimodzichimodzi) ndi makilo, zimene sizisintha kaya katundu ndi mmodzi kaya 500. Dzina la wondigulitsa musandifunse, ku Limbe tachuluka kale.