Satifiketi ya udoula sikupanga munthu kukhala mzamba

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa chemwali wina waku Chinamwali. Akuti waona pa Facebook kosi ya udoula (ntchito yoperekeza ndi kulimbikitsa mayi nthawi yobereka) yophunzira pa intaneti, ndalama wasonkhanitsa kale, ndiye akufunsa ngati boma limaivomereza satifiketi yakeyo komanso ngati akamaliza angayambe kubereketsa amayi kunyumba.

Chemwali, ndiyambe ndi funso lachiwirili poti ndi limene landidetsa nkhawa. Ayi ndithu, musayerekeze. Doula ntchito yake ndi kukhala pambali pa mayi matenda akayamba, kumusisita msana, kumupukuta thukuta, kumulimbitsa mtima, kuthamangira nesi zikamaoneka zachilendo, basi. Sayeza njira, sabaya jakisoni, sadula mchombo, ndipo sapereka mankhwala, kaya akuchipatala kaya mwanamphepo.

Za satifiketizo zinakulira ku America. Bungwe lotchuka pophunzitsa madoula ndi DONA International lomwe linayamba mu 1992, koma silaboma. Boma kumeneko limalowererapo kwambiri likafuna kumalipira, monga m'masteti (zigawo za dzikolo) a Oregon ndi Minnesota komwe mu 2014 anayamba kulipira madoula kudzera mu Medicaid, inshulansi ya boma ya anthu opeza movutikira. Ndiye kuti ulandire ndalamazo umayenera kukhala m'kaundula wa steti yakoyo, ndipo steti iliyonse ili ndi malamulo ake. Pepala lija limagwira ntchito kwawoko.

Kwathu kuno amene amalemba m'kaundula anamwino ndi azamba ndi a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo umalowamo utaphunzira zaka ndithu ngati ku St Luke's ku Malosa kapena ku Malawi College of Health Sciences konkuno ku Zomba. Kosi ya pa foni singakulowetseni m'menemo. Kumbukiraninso kuti mu 2007 boma linaletsa azamba akumudzi kubereketsa, a Bingu anachotsa chiletsocho mu 2010 koma uthenga unakhalabe woti mayi akachilire kuchipatala, mpaka mafumu ena amalipiritsa mbuzi wina akachilira pakhomo. Magazi akayamba kutayika pakati pa usiku mulibe galimoto, satifiketi ikuthandizani chani?

Koma sindikufuna mugwe ulesi, mtima muli nawowu ndi wofunika zedi. Mng'ono wanga pa mimba yake yoyamba ine ndinali gadiyani pachipatala china, ananditulutsa mu leba ndikakhale panja, iye anatsala yekhayekha usiku wonse nesi ali mmodzi ndi amayi angapo, amandiitana ine ndikumva koma osatha kulowa. Mwana anabadwa bwinobwino koma mpaka lero akaikamba nkhaniyo misozi imalengeza. A WHO mu 2018 ananena kuti mayi aliyense aziloledwa kukhala ndi munthu amene wamusankha yekha nthawi yobereka, ndipo kafukufuku wa 2017 wa bungwe la Cochrane, lomwe limaunika zofufuza za umoyo, anapeza kuti mayi amene ali ndi womukhalira pambali nthawi yonse matenda ake amafupikirako komanso mwayi wopita ku opaleshoni umachepa.

Ndiye madoula tili nawo kale, ndi amayi athu, azakhali, apongozi omwe amagona pa simenti ku magadiyani ndi mbaula zawo. Boma likadzafuna kuika malamulo pa ntchitoyi ine pempho langa ndi loti liyambire kwa amenewa, maphunziro afupiafupi aulere m'Chichewa ndi m'Chiyao, zizindikiro zoopsa azizidziwa, malire awo alembedwe poyera, komanso pakhale kokadandaula wina akamadzipanga dokotala. Likakhala pepala lodula lachingerezi lithandiza amayi a m'tauni okhaokha, waku Chingale kapena ku Jali sadzamuona doula.

Musanatumize ndalamazo pitani kaye kusikelo yomwe muli nayo pafupi mukakumane ndi nesi wamkulu, mumuonetse kosiyo ndipo mumufunse ngati amalola munthu wongoperekeza kulowa mu leba, ndipo ngati amalola, pa mfundo ziti. Zimene akakuyankheni mundilemberenso, ndikufuna ndizimve.