Container yanga ikuchedwa kuzima, vuto nchani?

Dzulo ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene wangoyamba kumene Docker, chida choyendetsera mapulogalamu mu timabokosi totchedwa ma container. Akuti: "Achimwene, ndikalemba docker stop, container yanga ya Node, ija yoyendetsa code ya JavaScript pa server, imangoti duu kwa masekondi 10 kenako nkufa ndi code 137, ndipo nthawi zina ma oda a makasitomala amasowa. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, masekondi 10 amenewo ndi amene akuulula nkhani yonse. docker stop siithyola chitseko ayi, imayamba yaodira kaye. Imatumiza uthenga (signal) wotchedwa SIGTERM kwa pulogalamu yoyamba mu container, ija yopatsidwa nambala 1 (PID 1), kuiuza kuti longedza tikutseka, ndiye ikadikira masekondi 10 osamva yankho imatumiza SIGKILL, iyi nde ilibe zokambirana, kernel, mtima wa Linux, imangodula basi olo pulogalamu ili mkati molemba mu database. 137 mukuonayo ndi 128 kuphatikiza 9, ndipo 9 ndi nambala ya SIGKILL. Ikanafa ndi SIGTERM, yomwe ndi 15, mukanaona 143.

Ndiye funso nloti odi uja, SIGTERM, akuthera pati. Tsegulani Dockerfile yanu, fayilo ija ya malangizo omangira container, ndikukhulupirira mupeza CMD node server.js kapena npm start yolembedwa chonchi popanda ma bracket. Mukalemba choncho Docker imaiyendetsa kudzera mu /bin/sh -c, ndiye nthawi zambiri sh, ka pulogalamu koyendetsa ma command, ndi amene amakhala PID 1, ndipo mkuluyu akalandira uthenga sapatsira mwana wake node, amangokhala nawo. Lembani CMD ["node", "server.js"]. Ngati muli ndi ka script ka entrypoint, kaja koyambirira kuyenda container ikamadzuka, mzere womaliza ukhale exec "$@" kuti node alowe pampando wa sh.

Koma musasangalale msanga, pali msampha wina umene unandidyera usiku wonse inenso. Pa Linux, PID 1 ndi mfumu, ngati siinakonzekere yokha kumva SIGTERM, kernel imangoutaya uthengawo. Ndiye mu code muikemo process.on('SIGTERM') kuti isiye kulandira ma request atsopano, imalize amene ali mmanja, itseke database nkutuluka. Mukhozanso kuwonjezera --init pa docker run, imaika ka pulogalamu kakang'ono kotchedwa tini kakhale PID 1 nkumapatsira ma signal, koma dziwani kuti tini sangakumalizireni ma oda, imeneyo ndi ntchito ya code yanu.

Si mapulogalamu onse amamva SIGTERM mofanana. Mwachitsanzo nginx, pulogalamu ya web server, imatseka mwaulemu ikalandira SIGQUIT, nchifukwa chake image yake, chikombole chopangira ma container ake, ili ndi STOPSIGNAL SIGQUIT mu Dockerfile.

Ngati ntchito yanu ikufunadi nthawi yambiri, docker stop -t 30 ikupatsani masekondi 30, pa Compose, chida cha Docker choyendetsera ma container angapo pamodzi, ndi stop_grace_period, pomwe Kubernetes, yoyang'anira ma container ambirimbiri, imapereka 30 kale. Koma chonde musangokweza nambalayi musanakonze za PID 1 zija, muzingodikira nthawi yaitali nkuonanso 137 yomweyo. Ndipo docker kill muisiye kaye, imapita pa SIGKILL osaodira nkomwe. Mukakonza yesaninso docker stop, ikazima pa sekondi imodzi kapena ziwiri ndiye kuti uthenga wafika.