Funsani Azakhali: nyumba yatithina, tiyambire pati?

Azakhali ndithandizeni nzeru chonde. Ine ndi bambo akunyumba tili ndi ana atatu, takhala nyumba imodzimodzi zaka 9 ndipo katundu wangoti mbwee paliponse, pansi pa bedi masutikesi, pamwamba pa wodilopu makatoni, pabalaza olo pokhazika mlendo pamasowa. Ndimasesa ndi kukolopa tsiku lililonse koma nyumba sioneka kuti yasamalidwa, m'mawa ana akamakonzekera kusukulu imakhala nkhondo kusaka masokosi. Ndikuganiza zogula kabati ina yaikulu ndi mabokosi apulasitiki aja. Zithandiza, kapena tingosaka nyumba yaikulu basi?
Mayi wa ana atatu

Mayi, kutopa kwanuko ndakumva ndithu, koma ndalama ya kabatiyo muyambe mwaigwira kaye. Mukagula lero, pakutha pa miyezi iwiri ikhala yadzadza ndipo pabalaza pachepanso malo ena amene kabatiyo yaimapo. Nyumba yaikulu nayo chimodzimodzi, katundu amakula kutsatira malo amene mwamupatsa. Kusesa mumasesa inde, koma mumasesa mozungulira zinthu zoti sizinayenera kukhala m'nyumbamo, ndiye thukuta lanu silioneka.

M'mafakitale a ku Japan muli kachitidwe kena amati 5S, mawu asanu oyamba ndi S, ndipo awiri oyambirira ndi amene ndikufuna muwagwiritse. Loyamba seiri, kupatula zofunika ndi zosafunika n'kuchotsa zosafunikazo. Lachiwiri seiton, chotsala chilichonse kuchipatsa malo ake. Mwaona ndondomekoyo? Kuchotsa kumayamba, kulongedza pambuyo. Inu mukufuna kuyambira pa chachiwiri, ndipo anthu ambiri amalakwitsa pomwepo, amagula mabokosi okongola n'kulongedzamo zinyalala bwinobwino.

Poyambira ndi zovala. Marie Kondo, mayi wa ku Japan amene anatchuka ndi nkhani zimenezi buku lake litatuluka mu 2011, amati osayenda chipinda ndi chipinda koma mtundu ndi mtundu wa katundu, zovala kaye, kenako mabuku, mapepala, tizinthu tosiyanasiyana, ndipo zachikumbutso monga zithunzi ndi makalata pamapeto penipeni. Ine mfundo imeneyi ndimagwirizana nayo chifukwa ukasonkhanitsa majuzi onse a m'nyumba pamalo amodzi m'pamene umazindikira kuti mwana mmodzi ali ndi majuzi 8 pomwe amavala awiri. Komanso ukayamba ndi zithunzi wapita, ukhala pansi n'kumaonera mpakana dzuwa kulowa ntchito osagwirika. Pamene ndimasiyana naye ndi poti mukhuthule zovala zonse tsiku limodzi. Kwa mayi wa ana atatu zimenezo n'zolemetsa, mulu umenewo udzagona pa bedi sabata yathunthu ndipo mudzagwa mphwayi. Tengani zovala za munthu mmodzi pa tsiku, ola limodzi basi, mawa wina.

Khalani ndi majumbo atatu pambali, la zopatsa ena kapena kugulitsa, la zokasoketsa, ndi la zotaya. La zokasoketsalo muchenjere nalo, lipatseni masabata awiri, likapanda kufika kwa telala ndiye kuti zovalazo simukuzifuna. Ndipo jumbo la zopatsa ena lituluke m'nyumba sabata yomweyo, likangogona pakona ana ayamba kusolola chimodzichimodzi, mwabwerera pakale.

Zovala zanu zimene mukukayika nazo, kolekani mahang'ala onse chotembenuza, chimene mwavala pobweza kolekani mowongoka. Chaka chikatha, nyengo yozizira ndi yotentha zonse zadutsa, mahang'ala amene akadali otembenuza akuuzani okha zoona.

Mapepala musapupulume nawo. Masatifiketi, zikalata za kubadwa kwa ana, za nyumba, za kuchipatala, malisiti a katundu amene walanti yake sinathe, zonsezi mu failo imodzi pamalo ouma, ndipo muzijambulenso pa foni. Mankhwala amene deti yake inadutsa asakhale mu dilowa ana akufikira, funsani ku famase katayidwe kake. Mabatire akutha nawonso achoke, akakhalitsa amatulutsa timadzi towononga zinthu. Makatoni apamwamba pa wodilopu aja ndi nyumba ya mphemvu, ndipo cholemera chilichonse chitsike m'munsi, mwana akakoka chitseko cha wodilopu zisamugwere pamutu.

Mukamaliza kuchotsa m'pamene muone ngati kabati ikufunikadi. Nkhondo ya masokosi ija ithera apa, mwana aliyense kabasiketi kake pamalo poti amafika yekha osakwera pampando, nsapato za sukulu pafupi ndi chitseko, makiyi pa msomali umodzi. Chinthu chikhale pamene chimagwira ntchito, osati pamene papezeka mpata. Ndiye muike lamulo m'nyumbamo, chatsopano chikalowa chakale chimodzi chituluke, ndipo madzulo musanagone mphindi 10 aliyense abweze zinthu m'malo mwake, bambo nawo omwe.

*

Azakhali, amuna anga sataya kanthu. Machaja akufa, mawaya, mawailesi atatu osalira, mafoni akale, zitini za penti zopanda kanthu, zonse amati zidzagwira ntchito tsiku lina. Chipinda chimodzi chatsekeka ndi zimenezi. Anzanga akuti ndingodikira apite kuntchito ndikataye, sadzadziwa. Nditero?
Wotopa

Ayi mwana wanga, usatero. Adzadziwa, ndipo chimene chidzawapweteke si wailesiyo koma zoti mkazi wawo anawachita chamseri. Akatero amayamba kubisa zinthu ndi kuumirira kuposa kale, iwe n'kukhala wawina chipinda koma mtendere wa m'banja wathawa.

Udziwenso kuti si amuna ako okha, mtima wa munthu unapangidwa choncho. Mu 1990 akatswiri atatu, Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler, anafalitsa kafukufuku amene anagawa makapu kwa ophunzira ena a pa yunivesite ya Cornell ku America, ena osapatsidwa. Opatsidwawo atafunsidwa kuti angagulitse pa mtengo wanji, ankatchula pafupifupi kuwirikiza kawiri ndalama imene anzawo osapatsidwa ankalolera kupereka. Kapu yomweyomweyo, yoti angoilandira kumene! Chinthu chikangokhala chako chimakwera mtengo m'maso mwako. Ndiye wailesi imene iwe ukuona ngati chinyalala, iwo akuona ndalama imene anagulira komanso tsiku limene adzaikonze.

Yamba ndi katundu wako, awone okha mbali yako ya chipinda ikupuma. Kenako pa tsiku labwino, osati mutakangana, khalani pansi mugwirizane za malo osati za zinthu. Uwauze kuti bambo, shelefu iyi ndi yanu yonse, ikanipo zimene mukuzikonda kwambiri, ine sindidzakhudza, koma zosakwana pamenepa tione kochita nazo. Asankhe okha. Machaja muyese limodzi limodzi muli awiri, lakufa palibe amene angalimenyere nkhondo. Mawu oti kutaya amawawa, bola kunena kuti tikapereke kwa wokonza mawailesi achotsemo masipeya, munthu amamasula dzanja msanga akadziwa kuti chinthu chake chikathandiza kwina.

Koma pali malire. Ngati katundu wafika potseka njira, bedi osagonekanso, khitchini osaphikikamo, ndipo ukangokhudza kanthu iwo amavutika mumtima kwenikweni mpaka kunjenjemera kapena kukwiya koopsa, limenelo likhoza kukhala vuto la m'maganizo. Madokotala a za maganizo ku America analiika m'buku lawo la matenda ngati vuto lapalokha mu 2013, ndipo limathandizika ndi uphungu. Zikafika pamenepo kukalipa sikuchiza, pitani limodzi mukaonane ndi a zaumoyo.

*

Ndikuchita lendi chipinda chimodzi, zenera ndi laling'ono ndipo mumada ngati kuphanga. A landilodi salola kugumula kapena kusintha kalikonse. Ndingakongoletse bwanji ndi ndalama yochepa?
Mnyamata woyamba kumene ntchito

Achimwene, mwayamba bwino kufunsa musanadzadze chipindacho. Choyamba kuwala. Pemphani a landilodi ngati angalole penti, ambiri sakana chifukwa nyumba yawo ndi imene ikukongola, ndipo musankhe yoyera kapena yotuwa pang'ono chifukwa mitundu yowala imabweza kuwala pomwe yakuda imakumeza. Akakana, galasi lalikulu moyang'anizana ndi zenera lichita ntchito yomweyo. Katani ikhale yopepuka, muikoleke pamwamba pafupi ndi denga ndipo ndodo yake ipitirire zenera uku ndi uku, kuti masana mukakankhira m'mbali zenera lonse likhale poyera, chipinda chimaonekanso chachitali. Babu onani pa paketi, yolembedwa 2700K kapena 3000K imawala mofewa chachikasu, ya 6500K ndi yoyera ngati ya mu ofesi, pogona imatopetsa maso.

Mitundu isapose itatu m'chipinda chonse, zofunda, katani ndi kapeti zizigwirizana. Pakhoma chithunzi chimodzi chachikulu chimaposa ting'onoting'ono khumi, ndipo anthu ambiri amakoleka m'mwamba kwambiri, pakati pa chithunzicho pakhale masentimita pafupifupi 145 kuchokera pansi, molingana ndi maso a munthu woimirira. Ngati misomali ndi yoletsedwa pali tokolekera tomata tija, koma muwerenge kulemera kumene timanyamula.

Pansi pazioneka, katundu akwere m'mwamba ndi shelefu yaitali yoonda m'malo mwa tebulo lotambalala. Ndipo poti chipindacho n'chamdima, bedi ndi wodilopu musazigunditse kukhoma, siyani mpata woti dzanja lilowe kuti mpweya uziyenda, apo ayi chinyezi chibweretsa chuku pa nsapato ndi zovala. Zenera muzitsegula m'mawa uliwonse olo kwa mphindi 15, ndipo thaulo lonyowa liziyanikidwa panja.