Kodi kapinga angakhalebe wobiriwira ndi madzi odontheza?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Akuti bilu ya madzi yawafika m'khosi, pabwalo pawo pali ma sprinkler, timipopi towaza madzi totumphuka pansi tija, ndiye akufuna kuwachotsa n'kuika mthirira wodontheza, wa drip, koma kapinga wawo akhalebe wobiriwira monga alili.

Amayi, mawu anu omalizawo ndi amene andigwira mtima, chifukwa inenso ndinadutsamo. Nyumba imene ndimakhala ndinaipeza ili kale ndi kapinga komanso ma sprinkler ake, ndipo kapingayo ndinkamukonda kwabasi. Koma m'mamawa makina akatsegula madzi, ndinkaona zinthu zondiwawa. Timitu ta ma sprinkler tija tinkapemerera madzi osalala kwambiri, ndiye kamphepo kakangowomba pang'ono, madziwo ankathera pakhoma mpaka m'munsi mwake munamera ndere. Ena ankayenderera pasimenti n'kukatulukira pageti. Pakati pa bwalo pankachita chithaphwi, pomwe kukona ina kapinga ankauma gwa. Munthu ukafuna kupulumutsa kona youmayo umawonjezera mphindi pa makina, ndiye kuti kwina konseko ukungomiza. Vutoli silinali la bwalo langa lokha: sprinkler aliyense amataya madzi ena ku mphepo, ku dzuwa ndi pamalo opanda chomera.

Tsiku limene ndinakhala pansi ndi cholembera ndi limene maganizo anga anatembenuka. Milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Nyengo yotentha, kapinga amafuna mamilimita pafupifupi 25 pa sabata. Ngati bwalo lanu ndi la masikweya mita 100, ndiye kuti malita 2,500 sabata iliyonse, tisanawerengere otayika aja. Mu 2018, mzinda wa Cape Town utatsala pang'ono kuuma mipopi, munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku, akumwa, ophikira ndi osamba omwe. Madzi amene kabwalo kameneka kamamwa pa sabata imodzi akanamusunga munthu wa kumeneko masiku 50.

Tsono mumve bwino apa. Drip amachepetsa madzi otayika, koma sachepetsa ludzu la chomera. Mthirira wodontheza woikidwa bwino umafikitsa kumizu pafupifupi 90 peresenti ya madzi, pamene ma sprinkler a pakhomo amatsalira kutali. Koma phindu lalikulu limabwera chifukwa choti umanyowetsa pamene pali chomera pokha, pakati ponse n'kukhala pouma. Kapinga alibe pakati. Mizu yake ili paliponse, choncho bwalo lonse liyenera kunyowa basi.

Ngakhale chiyambi cha njirayi chikusonyeza zomwezo. Injiniya wa zamadzi wa ku Israel, Simcha Blass, anaona mtengo umodzi utakula kuposa anzake, ndipo atakumba anapeza kuti pafupi pake paipi inkadontha. Kuchokera pamenepo anapanga kachipangizo kodontheza, ndipo mu 1965 iye ndi anthu a m'mudzi wa alimi wa Kibbutz Hatzerim, m'chipululu cha Negev, anayambitsa kampani yopanga zipangizo za drip ya Netafim. Zonsezi zinayambira pamtengo, chomera choima pachokha, ndipo mpaka lero drip amachita bwino kwambiri pa mitengo, zitsamba, maluwa ndi mbewu za m'mizere.

Wina akuuzani kuti ulipo drip wokwirira pansi pa kapinga, ndipo sakunama. Mapaipi ake amakwiriridwa masentimita 10 mpaka 15, motalikirana pafupifupi masentimita 30, bwalo lonse. Ndiye kuti kapinga amene mukufuna kumusungayo muyamba mwamukumba kaye. Mizu imakonda kulowa m'timabowo, ndipo bowo likatsekeka simuona chilichonse kufikira chigamba cha kapinga chitafiira. Wina akabaya pansi ndi foloko yolimira, paipi yabooka. Pakamzere kopyapyala m'mbali mwa khoma kapena pamalo otsetsereka, pamene sprinkler amangotayira madzi kunja, ndikhoza kuvomera. Koma bwalo lonse, ayi, sindingakulangizeni.

Chimene ndingakufunseni n'chakuti: kapinga wanuyo, ndi mbali iti imene anthu amaiponda? Pamene ana amasewera, pamene mumakhala madzulo, pasiyeni, mungokonza ma sprinkler ake kuti aziwaza molunjika komanso m'bandakucha mphepo isanayambe. Koma kapinga amene amapondedwa ndi munthu wotchetcha yekha, ameneyo achoke, ndipo pa ichi sindisintha maganizo. Ku Nevada, kumene kuli mzinda wa Las Vegas, anafika pokhazikitsa lamulo mu 2021 loti kapinga wongokongoletsa, wa m'mbali mwa misewu ndi pamaofesi, asiye kuthiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Colorado pofika 2027. Sanalimbane ndi kapinga wa m'mabwalo amasewera. Analimbana ndi uja wongoonerera.

Pali nkhani ina imene anthu ogulitsa zipangizozi satchula, ndipo ndimakwiya nayo: mitengo. Nditachotsa kapinga wa mbali ina, munthu amene anabwera kudzaika mapaipi anafika pamtengo wanga waukulu wamthunzi, n'kuika timadontho tiwiri, tizipangizo todontheza madzi tija, patsinde penipeni, basi n'kunena kuti wamaliza. Mtengowo unakula ukumwa madzi a kapinga. Mizu yake yomwera madzi inali itayala pansi pa bwalo lonse, mpaka kupitirira pamene pamathera nthambi, ndipo patsinde panalibe mizu yotere. Kutentha kutafika masamba anayamba kuchita chikasu n'kumayoyoka nthawi yake isanakwane, nsonga za nthambi zam'mwamba n'kuyamba kuuma. Ndinkaimirira pansi pake mtima uli m'mwamba, podziwa kuti duwa likafa umabzala lina, koma mtengo wotere sungaubwezeretse m'moyo wako. Unapulumuka nditazunguliza paipi yodontheza kangapo, kuyambira chapatali ndi tsinde kukafika pamene pamathera mthunzi masana, n'kumathirira nthawi yaitali kuti madzi alowe pansi kwambiri. Ngati m'kapinga mwanu muli mtengo, yambani mwauganizira umenewo musanagule chilichonse.

Zoti muchite

Musaphatikize drip ndi sprinkler pa valavu imodzi, chotsegulira madzi a chigawo chimodzi cha bwalo. Sprinkler amatulutsa malita angapo pa mphindi, pamene kadontho kamodzi kamatulutsa malita 2 kapena 4 pa ola, choncho sizingayendere nthawi imodzi. Sankhani chigawo chonse cha valavu imodzi, mutseke timitu tonse ndi zotsekera, musiye kamodzi kokha kotengerapo madzi. Mapaipi akale a pansi aja musawafukule, agwirabe ntchito. Pamene mukutengera madzipo muikepo sefa, ya 150 mesh (muyeso wa kuchepa kwa timabowo take) imakwanira, ndi chochepetsera mphamvu ya madzi kuti itsike kufika pa bar 1.5 mpaka 2, apo ayi zolumikizira zizingophulika. Onetsetsaninso kuti pali chotchinga madzi kuti asabwerere m'mipopi ya m'nyumba. Kuchokera apo yalani paipi ya mamilimita 16. M'dothi lamchenga madzi amangolowa pansi molunjika, ndiye timadontho tiyandikane, masentimita 30. M'dothi lamakande madzi amayala m'mbali, masentimita 45 ali bwino. Musanatseke mapeto a mapaipi, tsegulani madzi atsuke zinyalala. Pamwamba phimbirani ndi makungwa kapena masamba ouma okwana masentimita 5 mpaka 8, koma asakhudze tsinde.

Pomwe ambiri amatayira phindu lonse ndi pa makina otsegula madzi. Sasintha mphindi khumi za tsiku ndi tsiku zomwe zinali za sprinkler, zomera n'kufota, kenako mwamantha amawonjezera mpaka madzi azingodontha usana wonse. Drip amafuna nthawi yotalikirapo koma mwa apo ndi apo, ndipo zomera zongobzalidwa kumene zimafuna madzi ambiri chaka choyamba, choncho bilu sitsika mwezi womwewo. Poti madziwo saoneka, musadalire maso: mukathirira, mawa lake kumbani pang'ono pambali pa chomera muone pamene chinyontho chafika, ndipo kamodzi pamwezi muzitsuka sefa n'kuyenda motsatira paipi uku madzi ali otsegula. Amayi, mukandiyankha mundiuze mtundu wa dothi lanu ndi mitengo imene ili m'kapingamo, kuti tiwerengere limodzi nthawi yothirira.