Funsani za foni: mwana akutsegula chani pa intaneti?

Funso: Achimwene zikomo, ine ndimagulitsa nsomba pa Bangula, foni yanga ya itel mwana wanga amabwereka madzulo akuti za sukulu koma bandulo ikumatha ngati madzi. Ndingaone bwanji zomwe watsegula? Nanga browser yabwino ndi iti? Mayi wa ku Bangula

Yankho: Mayi, tsegulani Chrome, pamwamba kudzanja lamanja pali timadontho titatu, dinani pamenepo kenako History, mudzaona masamba onse atasanjidwa potengera tsiku. Mukafuna ndi nthawi yake yomwe, lowani pa myactivity.google.com ndi Gmail yomwe ili mufonimo. Koma ana amasiku anowa ndi ochenjera, akatsegula Incognito, njira yoonera masamba mobisa mu Chrome, palibe cholembedwa, ena amangofufuta. Ndiye mukapeza mbee musathamangire kumukalipira, mwina bandulo yathera pa TikTok kapena mavidiyo a Facebook, zimenezo mu History simuzipeza ayi. Pitani ku Settings ya foniyo, kenako Data usage, iwonetsa app yomwe yadya kwambiri.

Pa browser, app yotsegulira masamba a pa intaneti, ine kwanga ndi Opera Mini basi makamaka kumeneko ku Chigwa komwe netiweki ikafooka tsamba limangozungulira, iyo imapanikiza masamba asanafike pafoni panu ndiye data imapita pang'ono. Vuto lake masamba ena amaoneka osokonekera, za banki kapena kulemba mafomu a sukulu bwererani pa Chrome. Ndipo foniyo muyike pini mayi.