Bambo akuti masamu a spline sagula ufa

Kalata ya sabata ino yachokera ku Mufakose, mumzinda wa Harare, kwa mnyamata amene ali chaka chomaliza cha masamu pa University of Zimbabwe. Akuti: "Aphunzitsi andipatsa kafukufuku wogwiritsa ntchito probability pofufuza ma spline. Bambo akuti mizere yokhotakhota sigula ufa, ndisiye ndikayambe akawunti. Kodi ndataya zaka zanga?"

Makalata otere amabwera chaka ndi chaka, ndipo amanditopetsa. Bambo, mwana watsala pang'ono kuoloka, inu mukumuitana abwerere kutsidya? Musiyeni amalize.

Tsono iwe mphwanga, ndikukayika ngati wawerenga bwino mutu wakowo, chifukwa ukadauwerenga sukadanjenjemera chonchi. Spline poyamba kanali kathabwa kopyapyala kamene okonza zombo ankakapinda, nkukapsinja ndi zitsulo kuti ajambule mzere wosalala. Isaac Schoenberg ndiye anakalowetsa m'masamu mu 1946: mzere wovuta umaudula tizidutswa, kachidutswa kalikonse nkukhala polynomial yosavuta (masamu ongophatikiza ndi kuchulukitsa, monga x² + 3x), kenako nkutilumikiza popanda ngodya.

Nanga probability, masamu oyeza mwayi woti chinthu chichitike, ikulowa pati? Apa ndiye pokoma. Tola manambala awiri mwachisawawa pakati pa 0 ndi 1, uwaphatikize, ubwereze kambirimbiri. Mwayi wa mayankhowo umajambula chithunzi cha makona atatu. Ukatola manambala atatu, nsonga ija imasalala. Imeneyotu ndi B-spline, mtundu wina wa spline. Ukamaonjezera manambala, mzere umayamba kufanana ndi belu la Gauss, mzere wotchuka wa mu probability wooneka ngati belu. Choncho funso loti spline yaphonya bwanji mzere weniweni ungaliyankhe ndi variance, muyeso wa momwe manambala amwazikira, yomwe unaphunzira chaka choyamba. Njirayi ndi yakale ndithu: mu 1912 Sergei Bernstein anatsimikizira theorem ya Weierstrass ya mu 1885, yonena kuti mzere uliwonse wosaduka ungautsanzire ndi polynomial, poganiza ngati munthu woponya ndalama m'mwamba.

Koma usadzinamize. Palibe kampani mu Harare muno imene idzalengeze kuti ikufuna katswiri wa spline. Masamuwa amabisala mkati mwa ntchito zina. Pierre Bézier ankajambulira galimoto za Renault ndi mizere ya mtundu womwewu. Mabanki amasalazira chiwongoladzanja cha zaka zosiyanasiyana, a inshuwalansi amasalazira matebulo a imfa. Onsewa sadzafunsa mutu wa kafukufuku wako, adzafunsa ngati umatha kulemba pulogalamu. Ngati mpaka pano sunakhudze Python kapena R, zida zolembera mapulogalamu a kompyuta zomwe ndi zaulere, vuto si bambo ako, ndi iweyo. Ndipo ngati ukulota za uakichuwale, ntchito yowerengera ngozi ndi ndalama za inshuwalansi, dziwa kuti mayeso ake amadya zaka zambiri, ambiri amagwa mphwayi panjira.

Ine ndikanakonda umalize bwino, kenako ufunsire malo ku AIMS, sukulu ya masamu imene inatsegulidwa ku Muizenberg, Cape Town, mu 2003. Osankhidwa amalipiriridwa zonse, koma satenga wina aliyense. Yamba ndi kuphatikiza manambala aja pa kompyuta sabata ino, belu lija likaoneka ukawaonetse bambo.